Modelo yanga yasokonezeka pa chibowo chatsopano, ndalakwitsa pati?

Kamwala:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ma log (miyezo yotengedwa ndi chipangizo chotsitsidwa m'chibowo chobooledwa pansi) a zibowo 14: gamma ray (cheza chochokera m'miyala), resistivity (mmene mwala umakanira magetsi) ndi density (kulemera kwa mwala poyerekeza ndi kukula kwake), ndipo 9 mwa zibowozo zili ndi core (mwala weniweni wotulutsidwa m'chibowo). Ndinaphunzitsa modelo ya pakompyuta yotchedwa random forest kusiyanitsa mwala wamchenga, shale (mwala wochokera ku matope) ndi mwala wa laimu. Poiyesa inkalondola pafupifupi paliponse. Koma pa chibowo cha 15 yalemba shale pamalo otalika mamita 12, pomwe core yomwe ndaigwira m'manjamu ndi mwala wamchenga wofiirira, wokhakhala, timchenga take tikuyoyoka ndikaupala ndi chikhadabo. Mtima wanga suli m'malo, chifukwa modelo yonse ya 3D ya miyala ya pansi ndaimanga pa zimenezi.

Nyundo:
A Kamwala, deta yoyesera munaipatula bwanji? Ngati munangosakaniza mizere ya miyezo ya zibowo zonse n'kutapapo ina, vuto lagona pamenepo. Miyezo ya m'chibowo chimodzi imatalikirana masentimita 15 okha, choncho yoyandikana imafanana ngati mapasa, ndipo kompyuta imangoloweza chibowocho. Bisani chibowo chathunthu, phunzitsani ndi zotsalazo, yesani pa chobisidwacho, kenako musinthe mubise china.

Mayi Miyala:
Zimenezo n'zoona, koma ine kufiirako n'kumene kwandigwira mtima. Gamma ray sidziwa shale. Imawerenga potaziyamu, thorium ndi uranium basi. Mwala wamchenga wodzaza ndi potassium feldspar (timiyala tokhala ndi potaziyamu, kawirikawiri tapinki), uja timati arkose, umakweza gamma ngati shale yeniyeni. Ngati m'zibowo zophunzitsira munalibe mwala woterewu, kompyuta ikanaudziwira kuti? Tengani kagalasi kanu muyang'ane timiyala tapinki m'core imeneyo. Mufunsenso ngati chipangizo choyezera chinali chomwecho, chifukwa zipangizo ziwiri zimatha kupereka manambala osiyana pa mwala umodzimodzi.

Nyundo:
Ndipo a Kamwala, musadziimbe mlandu kwambiri. Pa mpikisano wa 2016 wa SEG (bungwe la akatswiri ofufuza za pansi pa nthaka), wozindikira ndi kompyuta mitundu 9 ya miyala ndi deta ya ku Hugoton ndi Panoma ku Kansas, ku America, opambana anangofika cha m'ma 64 pa 100 pa zibowo zobisidwa.

Kamwala:
Zikomo nonse. A Nyundo mwalasa, ndinasakanizadi mizere. Ndabwereza usiku wathawu chibowo ndi chibowo, ndipo zitatu zakumpoto ndi zomwe zikulephereka kwambiri. Mayi, feldspar ilimodi yambiri. Mawa ndibwerera ku mabokosi a core a zitatuzo, mwina arkose inayambira komweko ife n'kuilemba molakwika.