Chithunzi choitanira anthu ku Pasaka chikutuluka chosaoneka bwino, ndikulakwitsa pati?

Mlembi wa kwaya:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwaya yathu ili ndi mwambo wa nyimbo Lolemba la Pasaka, ndiye ndikukonza chithunzi choitanira anthu: china cha pa status ya WhatsApp, china chosindikiza pa A4 choti timate pakhomo la tchalitchi. Ndikugwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi. Ndikasindikiza, nkhope zikutuluka ngati zili m'nkhungu, mawu akumira m'chithunzi, ndipo chizindikiro cha kwaya chikubwera ndi bokosi loyera kumbuyo. Ndikulakwitsa pati?

Wosindikiza mabuku:
Alembi, nkhungu imeneyo gwero lake ndi kukula kwa tsamba lomwe munayambira. Status imafuna ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. A4 yosindikiza bwino pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) imafuna 2480 ndi 3508. Mukatenga cha 1080 chija n'kuchitambasula pa pepala la mamilimita 210, chimatsika kufika pa 130 dpi, n'chifukwa chake maso ndi mano a oimba akusakanikirana. Yambani ndi chachikulu: File > New, sankhani A4 ya 300. Cha status mukonze pachokha, chifukwa kaonekedwe kake n'kotalika mowonda kuposa A4. Mukangochifinya, amayi onse adzaoneka ngati nsungwi.

Chachiwiri, zithunzi za oimba zisadutse pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imazichepetsa kuti isunge bandulo. Wojambulayo akutumizireni ngati Document, nanunso potumiza kwa osindikiza muchite chimodzimodzi. Mawu onse akhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, omwe ndi ma pixel 118, poti makina ambiri a mu ofesi safika kumapeto kwa pepala ndipo choyamba kudulidwa chimakhala nambala ya foni ya pansi ija.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Za bokosi loyera: chizindikiro chanu ndi JPG, ndipo JPG siidziwa kusiya malo opanda kanthu. Chitsegulireni pachokha, pitani ku Layer > Transparency > Add Alpha Channel. Dinani U kuti mutenge Fuzzy Select, gundani pa zoyera za kunja, kenako Select > Grow muike 1 musanadine Delete. Pixel imodziyo ndi yomwe imachotsa kamzere koyera kotsalira m'mbali, kamene kamaonekera kwambiri mukaika chizindikiro pa mtundu wakuda. Musatenge Select by Color, chifukwa ngati pachizindikiro pali nkhunda yoyera kapena masamba a buku, nazonso zipita. Pomaliza File > Export As, dzina lithere ndi .png.

Mawu akumira chifukwa kumbuyo kwake kuli mitundu yambiri. Ambiri amathamangira kuika mthunzi, koma mthunzi wokha sukwanira pa nsalu za mawangamawanga. Tsegulani layer yatsopano (gawo loyalidwa pamwamba pa linzake) pakati pa chithunzi ndi mawu, jambulani bokosi ndi Rectangle Select, lidzazeni ndi mtundu wakuda, Opacity mutsitse kufika pa 55 kapena 60. Mawu oyera pamenepo amawerengeka ngakhale munthu ataima kutsidya kwa msewu. Mitundu ya zilembo isapose iwiri. Ndipo nthawi zonse sungani .xcf, fayilo ya GIMP yosunga ma layer onse, poti komiti ikasintha nthawi yoyambira mudzangokonza mzere umodzi.

Mlembi wa kwaya:
Zikomo aphunzitsi, bokosi lachoka. Koma ndikalemba Malaŵi, pa ŵ pakubwera chilembo chosiyana ndi zinzake.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Zilembo zokongoletsa zambiri mulibe ŵ, ndiye GIMP imakabwereka kwina. Noto Sans ndi DejaVu Sans zili naye. Yesani mawuwo musanasankhe mtundu wa zilembo.

Mayi wokongoletsa guwa:
Anzanga akonza za makina, ine ndinenepo za zoikamo. Mukafufuza zithunzi za Pasaka pa intaneti mupeza akalulu, mazira opaka utoto ndi maluwa a tulip. Zimenezo ndi za ku Ulaya ndi ku America, komwe Pasaka imafika chisanu chikutha, mitengo ikuphukira. Kuno imatipeza mvula ikupita kumapeto, anthu akuwotcha chimanga chachiwisi, ndipo agogo akaona kalulu pakhomo la tchalitchi afunsa kuti akudzatani. Jambulani nokha ndi foni: mtanda wa pabwalo dzuwa likutuluka, kapena kandulo ya Pasaka. Mujambule choimika, kumwamba musiye thambo lokwanira mutu wa uthenga.

Mitundu nayonso ili ndi tanthauzo kwa Akatolika ndi a Anglican: pepo ndi wa Lenti, wofiira wa Lamulungu la Kanjedza, Pasaka yeniyeni ndi yoyera ndi golide. Golide wabwino nambala yake posankha mtundu mu GIMP ndi D4AF37, koma muike pa malo akuda. Pa pepala loyera amatuluka ngati chikasu chofwifwa. Sindikizani kope limodzi kaye, mulimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu. Ngati tsiku, nthawi ndi malo sizikuwerengeka, kulitsani zimenezo, mayina a alendo olemekezeka achepe.