Mnzanga wakopera chithunzi changa, tsopano chikugulitsidwa pamsika wa ziboliboli. Nditani?

Bulashi_wa_Ndix:

Moni nonse. Ine ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimadyera penti. Ya ndiwo imachokera m'zikwangwani: masaluni, mabutchala, motchajira mafoni, nthawi zina makoma a sukulu za mkaka komwe amafuna njovu ndi manambala. Koma usiku ndi Lamulungu masana ndimajambula zanga pa kaliko.

Nthawi ija mafuta anavuta kumapeto kwa 2024 ndinajambula mzere wa akabaza odikira petulo. Wina wagona chafufumimba pa thanki ya njinga yake, chipewa chachitsulo chili pa chigongono. Mayi wa mandasi akudutsa pakati pa mzere ndi ndowa yake yoonekera mkati, ndipo kumbuyo kuli phiri lathu la Ndirande, lambee lopanda mtengo. Ndinachivutikira kwambiri, makamaka manja a kabaza wogona uja. Ndinachiika pa Facebook, bambo wina wa ku Namiwawa anachigula, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sabata yatha mlamu wanga wa ku Lilongwe wanditumizira chithunzi pa WhatsApp, akuti "alamu, katundu wanu wafika kuno." Kuyang'ana, ndi akabaza anga omwe aja, atapachikidwa pamsika wa ziboliboli, osati chimodzi ayi. Kabaza wogona alipo, mayi wa mandasi alipo, koma phiri analichotsa n'kuikapo mlambe ndi dzuwa lofiira likulowa. Mlambe pamalo omwetsera mafuta, abale! Pansi pali dzina la wina.

Chondipweteka n'chakuti dzanjalo ndalizindikira. Ndi mnzanga wa m'gulu lathu. Tilipo angapo amene timasonkha ndalama kugula chitini chimodzi cha penti yoyera n'kugawana m'mabotolo, timabwerekana mabulashi, ndipo iyeyu ndi amene anandiphunzitsa kukoka nsalu pa fulemu kuti isachite makwinya. Mwana wake atadwala tinasonkha tonse.

Ndiye ndithandizeni. Lamulo likutipo chiyani? Ndisiye kuika ntchito zanga pa intaneti? Nanga munthu woti mumadyera limodzi chimanga chootcha mumamuyamba bwanji nkhani yotere?

Sompho_Mtakataka:

Mwana wanga, akundilembera ndi mdzukulu, ine maso anatha ndi fumbi la mitengo. Ndasema ziboliboli kuyambira ndili mnyamata, kuno kufupi ndi Mua.

Poyamba ndikuuze zimene sukufuna kumva. Tonsefe tinaphunzira pokopera. Mpando wa mfumu uja wa matabwa awiri olowetsana, umene umagulitsidwa m'mbali mwa msewu cha ku Liwonde, ndani angaimirire n'kunena kuti anauyamba ndi iye? Mvuu yonenepa, tebulo la miyendo itatu yopingasa, bawo lokhala ndi chivundikiro, zonsezi wosema aliyense anazipeza zilipo. Ukaika chinthu chatsopano pamsika Lolemba n'kugulitsa, pofika Loweruka mabenchi onse ali nacho. Ndi mmene msika wa alendo ulili kuyambira kale.

Koma chako chija si mvuu. Wansembe Bambo Claude Boucher atayamba malo a zaluso a KuNgoni ku Mua mu 1976, chimene chinasiyanitsa osema a ku Mua ndi ena n'chakuti ankasema nkhani: maliro a pamudzi, chinamwali, gule, Yesu ndi Mariya a nkhope zathu zomwezi. Munthu ukasema nkhani umaikamo zimene maso ako anaona. Wina akatenga chimenecho watenga maso ako. Ndiye kudandaula kwako ndakumva, sukulakwa.

Chimene ndikukaniza ndi kumuyalutsa pa foni anthu onse akuona. Tenga wamkulu mmodzi wa m'gulu lanulo, mupite kwake madzulo, mukhale pansi. Umufunse kaye za mwana. Kenako umuonetse chithunzicho, usalankhule zambiri. Munthu amene anakuphunzitsa kukoka nsalu manyazi ali nawo.

Udziwenso kuti ndi njala imeneyo. Kuno mphingo unatha m'mapiri apafupi, ndipo anyamata ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato kuti mlendo aziti ndi mphingo. Ukakanda ndi chikhadabo pansi pake pamaoneka poyera. Ndimawakalipira, koma ndikudziwa chimene chikuwatuma.

NaPhiri_Area25:

Achimwene, pa za lamulo ndiyankheko, poti ndinazitsatira pamene mng'ono wanga anakumana ndi zofanana ndi nsalu zake zosindikiza.

Lamulo loteteza ntchito za luso limene likugwira ntchito pano ndi la 2016, linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA. Ambiri amaganiza kuti ndi la oimba okha chifukwa ndi amene amamveka pa wailesi akamalandira ndalama zawo, koma zojambula ndi zosema nazonso zilimo. Umwini umayamba pamene mwamaliza ntchitoyo, sudikira kuti mukalembetse kaye. Ndipo bambo wa ku Namiwawa uja anagula nsalu ndi penti yake, sanagule ufulu wochulukitsa chithunzicho. Ufulu umenewo udakali wanu pokhapokha mutaupereka mochita kulemberana.

Pamene pamavuta ndi apa: lamulo siliteteza ganizo. Aliyense ali ndi ufulu wojambula akabaza pamzere wa mafuta, tonse tinawaona. Chotetezedwa ndi mmene inuyo munawaikira: wogona pa thanki, chipewa pa chigongono, mayi wa ndowa pamalo omwewo. Ngati zimenezo zatengedwa momwemo, kuwonjezera mlambe sikumupulumutsa.

Sungani umboni. Tsiku limene munaika pa Facebook likuoneka, musafufute. Ngati muli ndi mapepala amene munayeserapo ndi pensulo musanayambe penti, asungeni. Muuze mlamu wanu ajambulenso bwinobwino, dzina lili pansilo lioneke.

Koma kunena zoona, kukhoti ndalama ya loya ingapose mtengo wa zithunzi zonsezo kuphatikiza pamodzi. Lamulolo likuthandizani kuti polankhula naye mulankhule mutaima pabwino, basi.

Mjoni_Cape:

Aise, ine ndiyankhula ngati venda, ena andida. Ndimagulitsa zithunzi ndi ziboliboli kuno ku Cape Town, ndinayambira ku Greenmarket Square. Katundu wambiri amabwera pa basi kuchokera kumudzi, zithunzi zitachotsedwa pa fulemu n'kukulungidwa ngati mphasa.

Mlendo amene watsika basi ya alendo ali ndi mphindi zochepa. Safuna kudziwa kuti ku Blantyre kunasowa petulo. Akufuna mlambe, dzuwa lofiira, amayi osenza mitsuko, bwato panyanja. N'chifukwa chake mnzakoyo anachotsa phiri. Iyeyo msika amaudziwa kuposa iwe, pepa.

Ndipo taganizira mmene zinthu zayendera. 2020 corona inatseka zipata, alendo zii, anthu anagulitsa mpaka mafoni. Tikuti tidzuke, kwacha inagwa mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Penti ya m'machubu yonse ndi yochokera kunja. Ojambula ambiri amene ndimawadziwa anasiya kugula, akusakaniza penti ya m'nyumba ndi tinti ndi guluu wa matabwa. Munthu wotere akaona chithunzi choti chikuyenda, alekerenji?

Ine ndikanakhala iwe ndikanapanga naye bizinesi. Azijambula makope, dzina lako lizikhalapo, pa chilichonse chogulitsidwa azikuponyera kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money. Iwe wagona ku Ndirande ndalama ikulowa. Ukamuletsa, mawa akopera wina amene sukumudziwa n'komwe, ndipo sudzaona ngakhale tambala.

Mphunzitsi_wa_Zomba:

A Mjoni, pa za mitengo ya penti mwanena zoona, inenso ndimapaka kaliko wanga ndi penti ya m'nyumba ndisanayambe kujambula. Koma malangizo anu omalizawo ndikuwakana, ndipo ndifotokoza chifukwa.

Ndimaphunzitsa ana masana, ndimajambula usiku, ndipo ndagulitsako m'malo oonetsera zaluso. Malo ngati La Caverna ku Mandala House, kapena mahotela amene amapachika zithunzi, wogula wake amalipira bwino chifukwa akukhulupirira kuti chimene watenga palibenso kwina. Tsiku limene bambo wa ku Namiwawa adzaone akabaza ake ali mbwee pamsika, pa mtengo wochepa, dzina la mnyamatayu lili pansi, sadzagulanso kwa iye, ndipo adzauza anzake. Kuika dzina lako pa ntchito ya dzanja la wina ndi kunamiza wogula. Kangachepe ka pa Mpamba kaja kadzamudyera msika wake weniweni.

Ndipo msika weniweniwo ndi uti? Taonani amene anagula chithunzichi: Mmalawi, amene mwina nayenso anagona pamzere wa mafuta. Ife takhala zaka zambiri tikujambulira mlendo, mpaka tinaiwala kuti a kwathu kuno nawo ali ndi makoma. Chikuwakoka ndi kudziona okha: minibasi ya ku Limbe, msika wa Ndirande, mabwinja a ku Chilobwe pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023. Ine zimene zimandilipirira lendi ndi nkhope za anthu: wina akufuna chithunzi cha malemu mayi ake kuchokera pa kachithunzi kakale ka chiphaso, wina cha ukwati, mpingo ukufuna khoma la kuguwa. Palibe mlendo pamenepo.

Waluso wa kwathu Samson Kambalu anaphunzira konkuno ku Chancellor College. Chosema chake chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022 ndi John Chilembwe atavala chipewa, ataima ndi mmishonale John Chorley, kuchokera pa chithunzi cha 1914, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Nkhani ya ku Chiradzulu yeniyeni, yopanda mlambe. Sindikuti tonse tikafika ku London, ambirife sitidzafika ngakhale ku Chileka. Ndikungoti phiri lopanda mitengo lija ndi limene linagulitsa chithunzi chako, mchimwene, usalole wina akuuze kuti linali cholakwika.

Za intaneti usasiye, ndi kumene wogula anakupeza. Koma uziika chithunzi chaching'ono, chojambulidwa cham'mbali uli nacho pafupi iwe mwini, osati chowongoka bwino choti munthu angochitsata mzere ndi mzere. Ukafuna kuti anthu a ndalama zochepa nawo akhale nacho, kasindikize wekha pa pepala labwino, makope owerengeka, ulembe nambala ndi dzina lako pa lililonse ndi pensulo. Wogula adziwe kuti ndi kope, ndipo adziwe kuti lachokera kwa iwe.

Chinanso, poti m'gulu lanu mumasonkherana za penti, bwanji osakhala pansi n'kugwirizana lamulo lanu? Ife kuno tilipo amayi ochepa, tinapangana kuti mlambe ndi bwato ndi za aliyense, koma chithunzi chimene mnzako wachiyamba yekha suchigwira osapempha.

Bulashi_wa_Ndix:

Zikomo nonse. Agogo a ku Mtakataka, ndinachita monga munanenera. Ndinapita ndi mkulu wina amene amalemba manambala a galimoto ndi mayina a maminibasi, tonse timamulemekeza.

Mnzangayo sanakane. Akuti venda wina wa ku Lilongwe anamutumizira chithunzi changa pa foni n'kumuuza kuti akufuna zotere zingapo, koma aikemo dzuwa. Anamulipira ndalama yoti nditaitchula pano mungaseke, sikwana ngakhale chitini cha penti chija. Dzina lili pansilo si lakenso, vendayo ndi amene amalemba dzina limodzi pa zithunzi zonse zimene amagula kwa anyamata osiyanasiyana. Izi zinandizizira thupi kuposa kukoperako. Ndiye kuti pali "wojambula" wina wotchuka pamsika amene kulibe.

Tagwirizana kuti sajambulanso akabazawo. Ziwiri zimene zinatsala kunyumba kwake wazipaka penti yoyera ine ndikuona, nsaluzo agwiritsa ntchito zina. Zimene zili kale ku Lilongwe ndazisiya, ndilibe thiransipoti yokalimbana ndi venda. Sitinafike poseka limodzi, koma Loweruka anabwera kudzatenga gawo lake la penti ndipo ndinamuthirira.

A Mjoni, bizinesi ija ayi. Aphunzitsi, za kusindikiza zandigwira mtima. Pepala lake liti limene silifwifwa msanga? Amene amasindikiza makalendala ndi mapologalamu a maliro kuno amagwiritsa lonyezimira lija, ndikuopa kuti akabaza anga aoneka ngati chikwangwani cha chipani.

Mphunzitsi_wa_Zomba:

Lonyezimiralo ulipewe. Upemphe pepala lokhuthala losawala, ndipo asindikize kaye limodzi uliyerekeze ndi chithunzi chenicheni panja pa dzuwa, chifukwa makina ambiri amadetsa mitundu yofiirira ndipo phiri lako likhoza kutuluka lakuda bii. Usiye mpata woyera m'mbali monse wolembapo nambala ndi dzina. Popeza chenichenicho chili ku Namiwawa, uyambe wawaimbira bambo aja, uwauze zimene ukufuna kuchita, ndipo uwapemphe ukachijambule ndi kamera yabwino m'mawa, pamthunzi, galasi atalichotsa.