Slow motion pa perekaniperekani: chithunzi chikuphethira, mawu palibe

Wa Makamera ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndabwereka kamera ya Sony FX3 kuti ndikajambule ukwati Loweruka likubwerali, ndipo akwati andiuza kuti akufuna pa perekaniperekani ndalama zizioneka zikugwa pang'onopang'ono. Ndinapita ku holoko madzulo kukayesa. Ndinaika pa S&Q (Slow and Quick, pochedwetsera kapena kufulumizitsira chithunzi), 120fps (mafulemu 120 pa sekondi), 4K. Panja chithunzi chikutuluka bwinobwino, koma m'kati chikuphethiraphethira, kuwala kenako kuda. Komanso mawu sakulowa n'komwe. Kamerayi ili ndi vuto kapena pali pomwe ndisinthe?

Mai Nachisale Studio:
Achimwene, kamerayo ilibe mlandu. Magetsi athu kuno ndi a 50Hz, ndiye mababu ambiri, makamaka machubu ndi ma LED otchipa, amawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi. Maso sakuona zimenezo, koma kamera imaona. 120fps ndi ya mayiko a 60Hz monga America, ndiye mafulemu anu sakuyendera limodzi ndi mababuwo.

Mu menu ya kamera pitani pa NTSC/PAL Selector, musankhe PAL, ya mayiko a 50Hz. Mupeza 25, 50 ndi 100fps. Jambulani pa 100fps, yoonetsedwa pa 25: masekondi 5 a ndalama zouluka asanduka masekondi 20. Zokwanira zimenezo, kupitirira apo anthu amatopa kuonera.

Shutter yake (nthawi yomwe fulemu iliyonse imalandira kuwala) mwamwambo imakhala 1/200 ya sekondi, koma mukaona mizere yakuda yopingasa tsitsani pa 1/100. Ndipo dziwani kuti 1/200 imalowetsa kuwala kochepa kanayi poyerekeza ndi 1/50 yomwe munazolowera, ndiye mutsegule lens kapena mukweze ISO (mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala). Funsaninso eni holo ngati padzakhale jenereta. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta yaing'ono, siikhazikika pa 50Hz, ndipo kuphethira kumabwerera ngakhale mutatchera zonse molondola. Ine ndimanyamula nyali zanga ziwiri za batire chifukwa cha zomwezi.

Che Jafali:
Za mawuzo ndi mmene S&Q ilili, siijambula mawu. Ine pa ukwati sindiikhudza. Ndimajambula 100fps wamba, mawu akulowa, n'kukachedwetsa pa kompyuta mu pulogalamu ya DaVinci Resolve pomwe ndafuna. Taganizani MC akuitana a kuchikazi, nthungululu zikulira, apongozi alowa m'bwalo ndi dansi yawo, inu muli pa S&Q. Mudzawauza chiyani? Koma mafayilo amakula, mutenge makhadi a memory okwanira, a V90 kapena CFexpress Type A.

Wa Makamera ku Area 25:
Zikomo mayi, zikomo Che Jafali. Nanga mbali ya Quick ija imagwira ntchito yanji pa ukwati?

Mai Nachisale Studio:
Imeneyo ndi yofulumizitsa. Ikani kamera pa tripod pakona m'mawa okongoletsa akungoyamba, muitchere pa 1fps. Ola lathunthu limatuluka mphindi 2 ndi masekondi 24, mipando ikudziyala yokha, nsalu zikukwera. Mutseke auto exposure ndi auto white balance, zomwe zimasintha zokha kuwala ndi mitundu, apo ayi kuwala kuzidumphadumpha munthu akangodutsa kutsogolo. Ndipo muikepo mnyamata woilondera, ana amakonda kugwedeza tripod.

Che Jafali:
Kamerayo ndi imodzi, mayi. Akaisiya pakona ola lonse, mkwatibwi akudzola zodzoladzola amujambula ndani? Za holozo ikani foni pa time-lapse, FX3 ikhale m'manja.