Za ku Kariakoo zija, ndabwerako

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati munthu wopita koyamba ku Dar es Salaam angathe kukagula katundu yekha ku Kariakoo asakudziwa Chiswahili. Ndafika dzana ndiye ndati ndikuuzeni mmene zayendera.

Ndinadutsira pa Songwe, makwacha ndinasinthira pa boda pompo kukhala mashilingi, kenako basi kuchoka ku Mbeya mpaka Dar. Inu amene munati ndilawirire ku Kariakoo munanena zoona, ikamakwana 10 koloko kumakhala kutadzaza, anthu, mabodaboda, mabajaji, anyamata a ngolo za katundu onse mumsewu umodzi, ndiye kutentha kwakenso eee botolo la madzi lisakuchokeni mmanja.

Ine ndimaganiza kuti Kariakoo ndi nyumba imodzi yokha ya msika ija inapsa mu July 2021, koma ayi ndithu, ndi dera lonse, mashopu mpaka mmwamba mwa nyumba zosanja. Zovala zambiri ndinazipeza ku Congo Street. Chiswahili sichinandivute kwenikweni, "bei gani" pofunsa mtengo ndi "punguza" ponenerera basi, zotsalazo timalemberana manambala pa foni, ndipo ukatenga dazeni mtengo umatsika bwino kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi.

Chomwe chinandiwawa, pa shopu ina ndinalipira zitenje 12 koma nditafika ku loji ndinapeza zilipo 11, mpaka pano mtima ukundipweteka. Chonde muziwerenga nokha asanamange katundu, ndipo malisiti musataye, a MRA amawafuna pa Songwe pobwerera.