Choyatsira fodya cha Peugeot 404 chikukana kufiira, koma magetsi akufika

A Mbewe, Ulónguè: Amisiri anzanga, ndagwira njakata. Ndili ndi Peugeot 404 ya bakki, ya 1970, imene inkatuta kachewere ku Tsangano zaka zambiri. Mwana wa mwini wake akuikonza kuti ibwerere mwakale, ndipo akufuna chilichonse chigwire ntchito, ngakhale isqueiro, choyatsira fodya chija, chonsecho pakhomo pawo palibe wosuta. Ndikachikankha chimagwira bwinobwino, koma ndadikira mpaka mphindi yathunthu osafiira. Fyuzi ndi yatsopano. Mita ikuonetsa 12.4V pa soketi. Ndagula kamutu kena katsopano (kokankha kaja, kamene kamafiira), zomwezonso. Ndikuphonya pati?

Junior, Moatize: Bambo, zulani chimenecho muike soketi ya USB. Ndani akuyatsa ndudu m'galimoto masiku ano? Kuno kwathu mwezi wa Okutobala mungoika ndudu pa boneti, iyaka yokha.

A Mbewe: Mwanawe, galimoto si yanga. Mwana wa mwini wake uja wati choyatsira cha bambo ake chikhale pomwepo.

Mestre Phiri, Tete: A Mbewe, mita yakunamizani. Imene ija imakoka magetsi ochepetsetsa, moti ngakhale kawaya kamodzi kotsala pa chingwe chodyeka ikuonetsani 12V. Zili ngati mpope wotsekeka: madzi akudontha okwanira kunyowetsa chala, koma ndowa siingadzaze. Koyilo ya choyatsira, kawaya kozengezeka ka m'kamutu, ndi ya chitsulo chotchedwa nichrome, ndipo imakoka pafupifupi 10A kuti ifiire. Tengani babu ya hedilaiti ya 55W, yomwe imakoka pafupifupi 4.5A. Waya wina pakachitsulo kapakati pa soketi, wina pathupi la soketi yomweyo. Mutiuze mmene yawalira.

A Mbewe: Mestre, ndayesa. Ikuwala ngati chiphaniphani. Babu ili yolumikiza choncho, mita yatsika mpaka 5V.

Mestre Phiri: Tayandikira. Tsopano waya wapakati usiyeni pomwepo, winayo muchotse pathupi la soketi, muukokere molunjika ku negativo ya batire.

A Mbewe: Aaa! Yawala mpaka kundithobwa m'maso.

Mestre Phiri: Ndiye positivo ilibe mlandu. Vuto ndi massa, imene anzathu a ku Dedza amati ethi, njira yomwe magetsi amabwererera ku negativo ya batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Soketi zambiri zakale zilibe waya wake wa massa, zimadalira kukhudzana ndi chitsulo pomwe zamangidwa. Kodi dashibodiyo yapentedwa chaposachedwa?

A Mbewe: Sabata ziwiri zapitazo. Wopenta sanaumire, anathira pulaima ndi penti mokhuthala, mpaka m'mphepete mwa bowo.

Anabanda, Furancungo: Ndimadziwa ine. Opentawa amatipatsa ntchito chaka ndi chaka. Ine inandizunguza mutu masiku awiri ndi nyali ya kumbuyo, kenako ndinapeza kuti ndi penti basi. Achimwene, palani kumbuyo kwa bowolo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinyezimire, kumaso musakhudze, mungayambane ndi mwini wake. Komanso musadalire zimenezo zokha. Onjezani waya wa massa kuchoka pathupi la soketi kupita pa bawuti yolimba, wonenepa mofanana ndi wa positivo. Msewu wa ku Tsangano uja umamasula chilichonse, ndipo chinyezi cha kumapiriko chibweretsa dzimbiri pamene mwapalapo. Pakanipo girisi pang'ono mukatha kumanga.

A Mbewe: Zikomo achemwali, ndachita zonsezo. Tsopano chikufiira, koma kwabuka china. Sichikudumpha. Ndachita kuchizula ndi dzanja pulasitiki ya kamutu itayamba kununkha.

Mestre Phiri: Musabwerezenso, mungaotche dashibodi yopenta kumene. Unikani ndi tochi mkati mwa soketi, pansi penipeni. Muona timano tachitsulo tomwe timaluma kamutu. Timano timeneto ndi ta zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Tikatentha, china chimafutukuka kuposa chinzake, ndiye timayasama, sipuling'i ya m'kamutu n'kukankhira choyatsira kunja. Magetsi amaduka pomwepo. Tikathina kwambiri sitimasula, tikayasama kwambiri sitigwira n'komwe kapena chimadumpha chisanafiire. Koma musanatikhudze, ndifunse: mwaikamo kamutu kati, kakale kapena kogula kaja?

A Mbewe: Kogula.

Mestre Phiri: Ndi pamenepo. Pakamwa pa soketi zambiri ndi pafupifupi 21 mm, ndiye kamutu kalikonse kamalowa, munthu n'kumayesa kuti n'kake. Koma kutalika kwake ndi mkombero umene timano timagwira zimasiyana malinga ndi amene anapanga. Bwererani ku kakale kaja. Ngati koyilo yake siinaduke, kalibe vuto, kanangosowa massa.

Junior: Koyiloyo tingaidziwe bwanji kuti ndi yamoyo, mestre?

Mestre Phiri: Mita pa ohm, mwana wanga. Iyenera kuonetsa pafupi ndi 1 ohm kapena kupitirira pang'ono. Gawa 12V ndi 1.2 ohm uone ngati supeza 10A ija. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka. Ndipo osaikolokosa ndi msomali pochotsa phulusa, koyilo yokalamba imathetheka. Gogodani kamutuko pang'ono chozondotsa, mupukute ndi kaburashi kofewa.

A Jere, Dómuè: Ine ndingowonjeza za manyazi anga. Ndili wachinyamata ndinalowetsa sukuludiraiva m'soketi kuti ndiwongole timano tija, batire ili yolumikiza. Moto unathetheka, nsonga ya sukuludiraiva inasungunuka. Fyuzi siinapse, chifukwa wina anali ataikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Waya unapsa mpaka kuseri kwa mawotchi a pa dashibodi, ndipo mawaya atsopano ndinagula ndi ndalama zanga. Chotsani kaye waya wa batire. Fyuzi ikhale ya saizi yomwe inalipo, osakweza. Komanso amene mumagwira Land Rover zakale, zopangidwa 1967 isanafike zambiri zinali ndi positivo ku thupi. Choyatsira sichisamala zimenezo, chimafiira basi, koma tchaja ya foni ikhoza kupsa.

A Mbewe: Ndabwera ndi lipoti. Kamutu kakale kaonetsa 1.3 ohm. Nditakagogoda mwatuluka phulusa ndi tizinyenyeswa ta fodya touma gwa, mwina ta mdala mwini wakeyo. Ndachotsa batire, ndatsuka timano, kamodzi kanali kopindikira mkati ndakawongola pang'ono ndi pulayala yosongoka. Poyamba chinadumpha msanga chili chofunda chabe, ndiye ndinabweza pang'ononso. Pano ndikuwerenga mpaka 12, chikuti tha! chili psuu. Ndayesa kasanu, ndikumadikira kuti chizizire.

Anabanda: Muuzeni mwini wake asalowetsemo tchaja. Mapulagi a matchaja ndi amene amapinda timano timeneto.

A Mbewe: Ndamuuza. Tagwirizana kuti ndiika soketi ina yobisika pansi pa dashibodi, ndi fyuzi yakeyake, ya foni basi. Junior, USB yako ija yapeza malo. Kamutu katsopano kaja kali pa shelefu pano, amene ali ndi soketi yogwirizana nako adzatenge akamadutsa ku Ulónguè.