Mwana akuponya zinthu nthawi ya therapy yomuthandiza kuyankhula, nditani?

zolankhula_88: Anzanga ndigawireniko nzeru. Ndimathandiza ana ovutika kuyankhula pasukulu ina ya pulayimale, ndiye pali kamnyamata ka zaka 7 kandithetsa mankhalu. Ndikangotulutsa makadi a zithunzi basi kayamba kuponya, kenako kalowa pansi pa tebulo, dzana kanandiluma padzanja mpaka pano mano akuoneka. Ine ndimangoti chabwino tiye kukalasi, zathera pompo. Ndi mphindi 30 zokha pa sabata, teremu ikutha palibe chomwe tapanga.

mphunzitsi_wakale: Pepani ndi dzanjalo achemwali, koma ndinene mosapsatira, mwamuphunzitsa nokha mwanayo. Akaponya makadi ntchito yovuta ija imatha, ndiye asiyirenji? Kwa masabata angapo muzilemba zitatu, zomwe ena amati ABC zija: chinachitika nchani asanayambe, iye watani, inu mwatani. Mupeza kuti sangoyamba chiyambeyambe.

mlangizi_wa_ana: Zoona zimenezo. Kuonjezerapo, mwana woti mawu amamuvuta kale anganene bwanji kuti ndatopa? Mano ndi amene akumuyankhulira. Mpangireni khadi limodzi lopemphera kupuma, masiku oyamba akangolikhudza mpatseni mphindi imodzi pompopompo osanyinyirika, ngakhale akhudze kakhumi, kenako muzitalikitsa pang'onopang'ono, "tchula zithunzi ziwiri kaye ndiye upume". Si nzeru zanga izi, akatswiri a zamaganizo Carr ndi Durand analemba kale mu 1985, amati functional communication training, kutanthauza kuphunzitsa mwana njira yabwino yonenera chomwe akufuna. Koma konzekani, mukasiya kumubweza kukalasi zimayamba zanyanya kaye chifukwa akuyesa ngati njira yake yakale ikugwirabe, ambiri amagonjera pamenepo nkumati sizikuthandiza. Za kulumazo lembani lipoti, ahedi ndi makolo adziwe, ndipo osamugwira mwamphamvu pofuna kumutulutsa pansi pa tebulopo.

MayiWaAwiri: Ine sindine katswiri, ndine kholo chabe. Wanga ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limavutitsa kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu), ankachita zomwezi mpaka tinadzazindikira kuti omuthandiza amamutenga nthawi yoti anzake akutuluka kukasewera mpira, iye akuwaona pawindo. Inu mumamutenga nthawi yanji? Komanso muzimufunsako kuti tiyambe ndi ichi kapena ichi, wanga amafewa akasankha yekha.

zolankhula_88: Eee mayi mwandigwira pakamwa, ndimamutenga nthawi ya buleki ndithu, ndipo tebulo langa lili pawindo penipeni 🙈 Mawa ndikaonana ndi aphunzitsi ake tisinthe nthawi, khadi lija ndijambula usiku uno.