Ma invoisi akugwera mu Spam ngakhale SPF ikudutsa, tikonze pati?

Akuluakulu odziwa za maimelo, tithandizeni maganizo. Maimelo olemba pamanja kuchokera pa domain ya kampani yathu (dzina lobwera pambuyo pa @) akufika bwinobwino mu Inbox, koma ma invoisi amene webusaiti imatumiza yokha akugwera mu Spam kwa makasitomala a Gmail. Anthu sakuwaona, ndiye akuchedwa kulipira.

Tikatsegula "Show original" mu Gmail (pamene pamaoneka tsatanetsatane wa kalata), SPF (yoona ngati seva yotumiza ndi yololedwa) ikulemba PASS, DKIM (siginecha yotsimikizira kalata) palibiretu, DMARC (yoona ngati domain ya SPF kapena DKIM ikugwirizana ndi ya wotumiza) ikulemba FAIL. Gwero lake likuoneka: Return-Path (adiresi yobwererako kalata ikalephera kufika) ili ndi domain ya kampani yosunga webusaiti, pomwe From (adiresi ya wotumiza imene wolandira amaiona) ili ndi yathu, choncho ziwirizi sizikugwirizana. Rekodi ya SPF ndi imodzi yokha, ma lookup ake (kufufuza ma rekodi ena) sanapitirire malire a 10, ndipo DMARC ili pa p=none (siikulamula chilichonse pa makalata olephera).

Kodi webusaiti izitumiza kudzera pa SMTP (njira yotumizira maimelo) ya akaunti yathu, pa port 587, kuti kalata iliyonse izisainidwa ndi DKIM ya 2048-bit? Kapena titsegule subdomain (nthambi ya domain yathu) ya ma invoisi okha kuti mbiri yake isamakhudze makalata enawa? Nanga IP (adiresi ya seva) imene tikugawana ndi ena ikakhala pa blacklist (mndandanda wa okayikiridwa kutumiza Spam), DKIM yokha ingathandize?

Sitikufuna kusintha kupita pa p=quarantine (lamulo loti makalata olephera DMARC aziponyedwa mu Spam) zisanalongosoke, kuopa kutsekereza makalata athu omwe.